Mtsuko Umene Unapita ku Lilongwe

Lilongwe
16 Ogasiti 2004

Mlongo wanga Eunice,

Monire nonse kumeneko. Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi ana, ndiponso kuti adada akadali ndi mphamvu zokwera m'mitengo kukayang'ana ming'oma yawo ya njuchi. Ife kuno tili bwino, kungoti fumbi la mu Lilongwe latilowa mpaka m'mano. Undilembere za kumudzi, usandibisire monga umachitira.

Nkhani yabwino nayi. Gulu lathu la zisudzo lapeza kamera, ndipo tikufuna kujambula filimu yathuyathu, ya zimbale ziwiri. Nkhani yake ndalemba ndine. Ndi ya mudzi umene anthu ake atema mitengo yonse ya m'phiri pofuna kufesa mawere paphulusa, kasupe wawo n'kuphwa, mvula n'kuyamba kuchita njomba. M'malo modziyang'ana okha, anthuwo akuloza chala nkhalamba ina kuti ndiyo ikumanga mvula, mpaka kuithamangitsa ndi miyala. M'chimbale chachiwiri mudzabwera mlangizi wa zaulimi kudzawatsegula m'maso. Mlangiziyo ndine, usaseke.

Anzanga ankati tikajambule ku Dedza poti nkufupi, ine ndakana. Mapiri a Mafinga alibe anzake, ndipo zitsa ndi zipsera za moto zili kale m'mbali mwake, sitichita kupanga. Tifika ku Chisenga kumapeto kwa Seputembala, anthu asanu. Utipezere pogona ndi anthu ngati makumi atatu oti akhale khamu. Tidzawapatsa sopo ndi shuga.

Tsono nkhalambayo ndikufuna akhale adada. Ukukumbukira mmene ankasewerera munthu woipa m'masewero a Isitala kutchalitchi, amayi ena mpaka kuwalavulira? Nkhope ngati imeneyo kuno sungaipeze ngakhale utayatsa tochi masana. Uwanyengerere. Ukawauza kuti dzina la Anock Silungwe lidzalembedwa pa kanema dziko lonse n'kuliwerenga, sakana.

Ndine mlongo wako,
Petros


Chisenga
24 Okutobala 2004

Achimwene a Petros,

Monire. Munafika bwanji? Chichokereni simunatilembere, ife tikungodzilimbitsa mtima kuti msewu wa ku Karonga sunakumezeni. Ana ali bwino, akungosewera zojambulana ndi chitini choboola. Adada phewa likadali lotupa. Akuti ndisakuuzeni, ndiye ndakuuzani.

Phewalo ndi la tsiku lija munajambula zowathamangitsa. Inu munali kuseri kwa kamera mukukuwa kuti abwereze, sizikuoneka zenizeni, choncho simunaone. Ulendo wachinayi uja a Timothy Sinkhonde, aneba athu a kumtunda, sanaponye chibuma chofewa monga munawauzira. Anaponya mwala, ndinawaona ndi maso angawa akuutola. Adada atagwera m'ngalande inu munawomba m'manja kuti kusewera ndiye kumeneko. Madzulo ake ndinawathowa ndi madzi otentha, iwo akuseka kuti Timothy wapezerapo mwayi wobwezera mbuzi yake imene njuchi zinaluma chaka chatha. Ine sizinandiseketse. Anthu makumi atatu munawaphunzitsa kuthamangitsa bambo anu kuchokera pakhomo pawo mpaka kumlatho, kanayi konse, ndipo pomaliza munawapatsa sopo.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi mtsuko. Munkafuna mtsuko wooneka wakale. Wanga munaukana kuti ndi wa dzulodzulo, ndiye adada, pofuna kusangalatsa mwana wawo wa m'tauni, anapita kumsitu wa makolo n'kukatenga uja agogo awo ankathiriramo mowa wa mawere popempha mvula. Ndikudziwa chimene munene, kuti banja lathu linasiya zansembe ife tisanabadwe. N'zoona. Komabe mtsukowo unkakhala pamalo pake pansi pa mkuyu, ndipo adada ndiwo ankaumata ndi phula ukachita mng'alu. Anthu omwewa amene amaimba kwaya Lamulungu, akamadutsa kumsituko amatsitsa mawu. Inu munawauza adada kuti auvundikire n'kuumanga ndi luzi ngati akumangadi mvula, mudzi wonse ukuonerera.

Tsiku lonyamuka ndinauona mu lole mutaukulunga ndi bulangeti langa, ine n'kumati mukausiya kumsitu podutsa. Dzana ndinapita kukatola nkhuni chakumeneko, ndinapeza pangotsala kadzenje pamene unkakhala.

Akazi a Timothy, a Bessie, aja oumba mbiya, andifunsa kale kawiri kukasupe kuti mtsuko ubwera liti. Amafunsa akumwetulira, koma galu wamkota sakandira pachabe. Bwezani mtsukowo mvula isanayambe, achimwene. Bulangetilo khalani nalo.

Ndine mlongo wanu,
Eunice


Lilongwe
29 Novembala 2004

Mlongo wanga Eunice,

Monire. Kalata yako yandipeza itayenda milungu itatu, ndipo nditaiwerenga makutu anga anatentha ngati ukundikalipira pomwepa. Uwapepesere adada za phewalo. Timothy ndi munthu wamwano chibadwire, koma ukadzaona mmene malo amenewo akuonekera pa kanema, udzavomereza kuti ululuwo sunapite pachabe. Anzanga amene sanabwere kumeneko akumafunsa kuti mdala ameneyu ndinamupeza kuti.

Chimbale choyamba chatha. Ndatumiza chimodzi kwa Happy Kaonga, wa vidiyo wa pamsika uja, kuti anthu akwathu akhale oyamba kudziona. Uwatenge adada, avale jekete lawo la kutchalitchi, akakhale kutsogolo.

Za mtsuko, mlongo wanga, iwe unapita kusukulu, usamalankhule ngati sunaone bolodi. Mtsuko ndi dothi lootcha basi, ndipo filimu yonseyi ndailemba kuti ithetse maganizo omwewo. Ukufunikabe m'chimbale chachiwiri, chimene tikujambulira konkuno, kuseri kwa kaphiri kena, chifukwa ulendo wa kwathu unatifoola tonse. Uli bwinobwino pansi pa bedi langa. Tikamaliza ndibwera nawo ndekha, pa Khirisimasi kapena pa Isitala. A Bessie uwauze kuti mvula imabwera ndi mphepo kuchokera kunyanja yaikulu, sichokera mu mtsuko.

Undilembere mmene anthu asekera podziona.

Wako,
Petros


Chisenga
19 Januwale 2005

Achimwene,

Monire. Muli bwanji pamodzi ndi alamu? Pa Khirisimasi tinakudikirani mpaka nkhuku tinadya tokha, adada akungotuluka panja nthawi iliyonse akamva injini.

Munafunsa mmene anthu anasekera. Anaseka, sabata yoyamba. Kwa Happy kunkadzaza mpaka ena kusuzumira m'mipata ya matabwa, aliyense kufuna kuona mphuno yake. Adada akamadutsa pamsika ankawaitana kuti womanga mvula, iwo n'kumavula chipewa monyadira. Masiku amenewo kunkagwa kamvula kowaza, ndipo tonse tinadzala.

Kamvulako kanagwa komaliza pa 27 Disembala. Lero ndi tsiku la makumi awiri ndi atatu. Chimanga chapota masamba ngati anyezi, mawere a m'phiri apsa asanafike m'bondo. Kasupe wa kumunsi kwa msitu, amene sanaphwepo chibadwire changa, tsopano timachita kukumba mchenga ndi mbale n'kudikira kuti madzi a matope atsetsereke. Lachiwiri amayi awiri anamenyanirana malo pamzere, wina khutu linang'ambika ndi ndowa, magazi n'kudonthera m'madzi omwewo, koma palibe anawataya. Ng'ombe ziwiri za a Timothy zinatitimira m'matope a kudambo pofuna kumwa, zinalephera kudzuka, ndipo anazizinga pomwepo misozi ikutsika. Anyani akutsika m'phiri dzuwa lili paliwombo kudzazula chinangwa, agalu akungowayang'ana. Njuchi za adada zathawa m'ming'oma itatu.

Ndipo Happy akuonetsabe filimu yanu, kawiri patsiku, poti ndiyo imam'dzazira nyumba. Tsopano saseka. Ikafika pamene adada akuvundikira mtsuko amamuuza kuti abwezere m'mbuyo aonenso. Mukukumbukira pamene chimbalecho chimathera? Adada agwera m'ngalande, khamu likukondwa, mitambo yakuda n'kuyamba kusonkhana pamwamba pa Mafinga. Paja munatiuza pojambula kuti mitamboyo ndi yonamiza, mvula sidzagwa m'chimbale chachiwiri. Chachiwiricho kuno palibe wachiona. Chimene anthu akuona kawiri patsiku n'chakuti nkhalamba ikagwa, mitambo imabwera.

Ndinapita kukam'pempha Happy kuti aleke, anandiyankha kuti jenereta siyendera chisoni. Ndinayesanso kuwakumbutsa anthu pamsika kuti anali pomwepo pojambula, kuti sopo wake ena akusambirabe. A Timothy anandiyankha pamaso pa onse.

"Sewero linali sewero, sitikukana. Nanga mtsuko unali wa sewero? Uli kuti?"

Funso limenelo ndi langa lomwe.

Musandilembere za mphepo ya kunyanja. Ine sindikhulupirira kuti mvula ili pansi pa bedi lanu, koma si ine amene ndikunola zikwanje. Ndili ndi mantha, achimwene, ndipo mukudziwa kuti sindine wamantha. Ikani mtsukowo mu lole iliyonse yobwera ku Chitipa, lero, osadikira Isitala.

Eunice


Chisenga
7 Febuluwale 2005

Mwana wane Petros,

Monire. Ine nili makora, usadandaule. Ndalemba ndekha, ukhululuke mizere yokhota, maso ndiwo akuvuta. Filimu ndinaiona katatu. Yewo chomene, mwana wane, ntchito ndi yabwino, kungoti sindinkadziwa kuti ndakalamba chotere.

Mlongo wako akulembera zambiri. Ndi mtima wa malemu amayi ake, usamudzudzule. Anthu chimanga chikuwafera akuona, ndiye pakamwa pamatuluka zilizonse. Ambiri a iwo ndinawanyamula ali makanda, sangandichite kanthu.

Za mtsuko uja wolakwa ndine, iwe sunadziwe. Adada anga anandisiyira kuti ndiziusunga, osati kusewera nawo. Ngati ntchito yake yatha, utumize. Ngati sinathe, maliza kaye, usachite manyazi pamaso pa anzako. Kungoti uunyamule bwino. Pakhosi pali mng'alu umene ndinamata ndi phula, sufuna kugwedezeka.

Ndine dada wako,
Anock Silungwe

Achimwene,

Kalata ya adada ndaiika mu envulopu imodzi ndi yanga, ndipo ndaiwerenga, mundikhululukire. Akuti ali makora. Imvani makora ake.

Lachitatu masana amuna asanu ndi mmodzi anakwera m'phiri n'kutentha ming'oma yonse yotsala, khumi ndi iwiri. Adada anaimirira pabwalo kuyang'ana utsi mpaka unatha. Lachinayi ana pochokera kusukulu anapeza galu wathu atam'pachika pa mango wa pakhomo, mutu utaswedwa ndi nkhwangwa. Lachisanu khanda la a Timothy ndi a Bessie, la miyezi isanu ndi iwiri, linamwalira ndi kutsegula m'mimba, madzi akewa. Adada anavala jekete kupita kumaliro, ine ndikuwaletsa. Anawabwezera panjira ndi zibuma, amuna akulankhula kuti wapha yekha ndiye akudzalira chiyani. Dzulo kukasupe anandikhuthulira madzi amene ndinadikira kuyambira mbandakucha, ndipo nditatukwana, mlongo wake wa Timothy anandimenya ndi ndowa pakamwa. Dzino limodzi lapita.

Akulu a mpingo ayesa kulankhulapo, koma ana awo omwe ali m'gulumo. A Timothy anaima pamsewu n'kukuwira kunyumba kwathu kuti atipatsa mpaka mwezi uno kutha, mtsuko ubwerere pamalo pake. Sananene chimene adzachite, ndipo sindinafunse.

Ndawachonderera adada kuti tithawire kwa azakhali ku Nthalire, kapena tiwoloke phiri tilowe m'Zambia. Akana, akuti wothawa ndiye wavomera mlandu. Kalata yanga ya mu Januwale simunayankhe. Ngati ndinakukwiyitsani, kwiyani mutatumiza.

Eunice


Lilongwe
19 Febuluwale 2005

Mlongo wanga Eunice,

Monire. Makalata ako onse awiri ndawapeza tsiku limodzi, dzana, chifukwa ndinali ku Blantyre milungu inayi kolumikiza zithunzi. Sindinakwiye, sindinadziwe. Dzino lako, galu, ming'oma ya adada, zonsezi zikundiwawa koopsa. Ndikanadziwa kuti anthu akwathu afika pamenepo sindikanagona ndi tsiku limodzi lomwe.

Mtsuko ukunyamuka mawa ndi lole ya mchere yopita ku Chitipa Boma, ndipo dalaivala wake ndi mnzanga, akaupereka kwa wagalimoto wa ku Chisenga. Uli m'bokosi la utuchi, kalata ino ili pamwamba pake. Ndi dalaivala yemweyo ndatumiza chimbale chachiwiri kwa Happy, ndamulembera kuti achionetse tsiku lomwelo, aliyense alowe mwaulere. Anthu akaona mathero ake, kuti nkhalamba inali yosalakwa ndipo mlandu ndi wa nkhwangwa zawo zomwe, manyazi adzawagwira. Udzaona, adzabwera kudzapepesa.

Pali chinthu chimodzi. M'chimbalemo muli pamene ine, monga mlangizi, ndikuswa mtsuko pathanthwe. Usadzidzimuke, ndipo uwafotokozere anthu kuti umenewo unali wina wofanana nawo, ndi nzeru za pa kanema zimenezo. Weniweni ndi umene uli m'bokosiwo. Ukaoneka wosinthika pang'ono, n'chifukwa chakuti ndinautsuka.

Ndikanabwera ndekha, koma pa 5 Malichi tikuonetsa filimuyi koyamba kuno, ndipo alendo aitanidwa kale. Tikangomaliza ndikwera basi. Uwauze adada kuti kalata yawo ndaiwerenga kasanu. Undilembere msanga kuti mtsuko wafika bwino, mtima wanga ukhale pansi.

Wako,
Petros


Nthalire
14 Malichi 2005

Achimwene,

Monire. Ana ali bwino, tili kwa azakhali. Uthenga wa maliro munaulandira pa foni ya ku Boma, ndipo ndine ndinati musabwere, chifukwa akanakupherani pamanda pomwepo. Munandifunsa kuti zinayenda bwanji, ine ndinadula foni. Tsopano dzanja latsika kutupa, nditha kugwira cholembera, ndiye ndikuuzani.

Bokosi linafika Lachisanu pa 25. Adada analitsegulira m'nyumba, tili awiri. Anautulutsa mtsukowo, anaupukuta utuchi, n'kuyendetsa chala pakhosi pake. Pamene pankayenera kukhala mng'alu panali mzere wokanda ndi msomali, mutathiramo kandulo. Anayang'ana chikhatho chawo, chinali bii ndi mwaye. Apo n'kuti ine ndikuwerenga kalata yanu. Nditawafunsa anangoti ndi womwewo, kenako anandiuza kuti ndiwasitire jekete.

Loweruka m'mawa anausenza paphewa kupita kumsitu, mudzi wonse ukutsatira. Anauika m'kadzenje kaja koma sunakhazikike, unali wochepa, unkangopendekeka. A Bessie anagwada, anaugogoda ndi chala, anaukanda ndi chikhadabo, anaununkhiza. Mayi ameneyu waumba mbiya zaka makumi awiri, achimwene. Inu munkaganiza kuti mupusitsa yani?

"Uwu wapsa chaka chino," anatero. "Mwayewu ndi wa nyali ya parafini. Dothi ili si la kuno."

Pamenepo adada, munthu amene sindinamumvepo akunama ngakhale pa zaka za nkhuku yogulitsa, anayang'ana anthu onsewo m'maso n'kunena kuti a Bessie alakwitsa, mtsuko ndi womwewo, mwana anangoutsuka. Anabwereza kawiri. Ena anakhulupirira poti anali iwo akunena. Anthu anabalalika akung'ung'udza, ine n'kumati mwina tapulumuka.

Dzuwa lili pamutu Happy analiza jenereta. Ndinathamangira kumeneko kuti ndikanene bodza lanu lija la nzeru za pa kanema, koma khomo linali litadzaza, ndinangoima kumbuyo. Ndinakuonani mutavala tayi, mutanyamula mtsuko. Kamera yanu ndi yabwino, achimwene. Inayandikira pakhosi pake mpaka phula lachikasu la adada linaoneka, ndi chidindo cha chala chawo chomwe. Munauswa pathanthwe, munaponda mapale ake, n'kuyamba kulankhula za mitengo. Za mitengozo palibe anazimva. Mabenchi anathyoka anthu akutuluka, ndipo ena anatuluka ndi miyendo ya mabenchiwo m'manja.

Ndinawadutsa podula m'minda. Ana ndinawakankhira kunyumba kwa aphunzitsi ena ochokera ku Ntcheu, ine n'kubwerera kwa adada. Ndinawapeza atakhala pampando, jekete asanavule. Khamulo tinalimva likadali kumlatho. Anali ndi chigubu cha petulo wa jenereta, akukuwa kuti aotcha nyumba ndi magazi onse a Silungwe ali momwemo, ndipo akatero achita hayala lole kukakusakani ku Lilongwe. Adada anaimirira, anandikankhira kuchipinda, n'kukoweka loko kunja. Sindinkadziwa kuti anali ndi mphamvu zotero. Ndinawamva kudzera pawindo.

"Mwana wanga sanadziwe kanthu. Ndine ndinam'tuma kuti auswe. Mvula ndinamanga ndine. Mwandipeza, anawo asiyeni."

Chigubu chija anachiika pansi. Wina anakuwa kuti athawe monga anathawira pa kanema, adada anakana. Anayenda wamba, kulowera kumlatho, kuti awachotse pakhomo. Mwala woyamba unawapeza pakhutu, anadzandira koma sanagwe. Wachiwiri unali pamsana. Kenako sindinawerengenso, ndinali kuthyola windo ndi mpando. Pamene ndimawapeza anali ali m'ngalande, a Timothy ali pamwamba pawo ndi mpini wa khasu, akumenya akutchula dzina la khanda lawo. Ndinadzigwetsa pa adada, mpini n'kundipeza pamkono ndi m'nthiti. Amene anandikoka tsitsi kundichotsapo ndi mayi amene ndinamuthandiza kubereka.

Adada atasiya kugwedezeka, anthu analeka. Palibe anathawa. Anaimirira pamsewu onse, miyala ena ikadali m'manja, n'kumayang'ana ku Mafinga. Anadikira ndithu. Kunalibe ndi kamtambo komwe. Kenako anayamba kuchoka mmodzimmodzi, osayang'anana.

Aphunzitsi aja ndiwo okha anabwera ndi ngolo. Adada anatsirizika tisanafike kuchipatala, dzuwa likupendeka. Tinawaika Lolemba, anthu osakwana makumi awiri, ndipo dzenje anakumba ndi abale a ku Nthalire. Apolisi atabwera anandifunsa mayina. Sindinavutike kukumbukira, ndinangowapatsa chimbale choyamba, poti mayina onse munawalemba kale nokha kumapeto kwake. Atenga khumi ndi mmodzi, a Timothy ali momwemo. A Bessie atsala ndi ana anayi ndi munda wouma ngati wathu. Ndinkayesa kuti ndikondwa, sindinakondwe.

Simunabe mtsuko kuti muphe munthu, ndikudziwa. Munauswa kale m'mbuyomu, mwina tsiku lomwe munkandilembera kuti uli pansi pa bedi, ndipo munaopa kunena. Mukanangonena zoona ngakhale m'kalata yomalizayi, ndikanawamanga adada ndi chingwe n'kuwakweza ngolo yobwera kuno bokosilo lisanatsegulidwe. Chimenechi ndicho sindingathe kuchimeza, ndipo sindikudziwa ngati ndidzathe. Musabwere ku Nthalire panopa.

M'ngolo muja analankhula kamodzi kokha. Mutu wawo unali pamiyendo panga, diso limodzi litatsekeka, ndipo ndinachita kuwerama kuti ndimve. Anati ndisakuuzeni zimene zinachitika kumsitu, akuti mwanayo anangochita mantha, akadziwa sadzagwiranso kamera. Ine sindinalonjeze. Zonse zimene ndalembazi ndi zanga, ndipo sindikupepesa. Koma uthenga wa munthu wakufa sausunga, ndiye wawo nawu, monga anandituma kuti ndikulembereni: mtsuko unafika bwino.

Eunice Nalungwe